Rosetta 2

Rosetta 2 ndi pulogalamu ya kampani ya Apple imene imathandiza makompyuta a Mac okhala ndi purosesa ya Apple kuyendetsa mapulogalamu omwe anapangidwira purosesa ya Intel. Inatulutsidwa mu November 2020 pamodzi ndi macOS Big Sur komanso makompyuta oyamba okhala ndi purosesa ya M1.

Mmene imagwirira ntchito

Purosesa ndi kachipangizo kamene kamachita zonse zomwe pulogalamu yalamula, ndipo mtundu uliwonse wa purosesa umamva malangizo akeake. Mapurosesa a Intel amatsata malangizo otchedwa x86-64, pamene a Apple amatsata arm64. Pulogalamu yolembedwera mtundu umodzi siyenda yokha pa mtundu winawo. Rosetta 2 imamasulira malangizo a x86-64 kukhala a arm64, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi imachitika pulogalamu isanayambe kuyenda. N'chifukwa chake pulogalamu yotere imachedwerapo poitsegula koyamba. Kumasuliraku kumapita mbali imodzi yokha, choncho Mac ya Intel singayendetse pulogalamu yopangidwira arm64.

Kusankha pulogalamu yoyenera

Opanga mapulogalamu ambiri amapereka mafayilo awiri, imodzi ya Intel ndi ina ya Apple silicon. Ena amapereka fayilo imodzi yotchedwa Universal, yomwe imakhala ndi malangizo a mitundu yonse iwiri. Munthu angadziwe purosesa ya kompyuta yake potsegula About This Mac: pakalembedwa Chip ndiye kuti ndi ya Apple, pakalembedwa Processor ndiye kuti ndi ya Intel. Pa Mac ya purosesa ya Apple, pulogalamu ya arm64 nthawi zambiri imayenda mofulumira kuposa yomasuliridwa. Palinso mapulogalamu amene Rosetta 2 siingawamasulire, monga aja otchedwa kernel extensions, amene zipangizo zina zolumikiza ku kompyuta zimadalira. Mapulogalamu a 32-bit nawonso sayenda, chifukwa macOS inasiya kuwalandira kuyambira pa Catalina mu 2019.

Mbiri

Dzinali linachokera ku mwala wa Rosetta umene unathandiza akatswiri kuwerenga zolemba zakale za ku Egypt. Rosetta yoyamba inayamba kugwira ntchito mu 2006, pamene Apple inkasiya mapurosesa a PowerPC n'kuyamba a Intel. Inachotsedwa mu 2011 pa Mac OS X Lion, ndipo mapulogalamu a PowerPC anasiya kuyenda pa makompyuta amene anaikidwa Lion.

Mu June 2025, Apple inalengeza kuti macOS Tahoe 26 ndi yomaliza kuyenda pa Mac za Intel, ndiponso kuti Rosetta 2 ipezeka yathunthu mpaka pa macOS 27. Pambuyo pake idzatsala mbali yochepa yothandizira masewera ena akale. Izi zikutanthauza kuti amene ntchito yawo imadalira pulogalamu ya Intel yokha ayenera kupeza ya arm64 nthawiyo isanakwane.