MAGANIZO OBWERA OSAITANIDWA

Mwamuna wina wa kwa Mbang'ombe ku Katete, wogwira nchito pa mgodi wa ku Mufulira, ali ciriri m'mawa pamodzi ndi anzace, kulindira cikepe cotsikira pansi. Mwadzidzidzi mumtima mwace mubwera mau akuti, "Bwanji nditamkankhira m'dzenjemo mnzangayu?" Mnzaceyo alibe naye mangawa; dzulo lomwe anadya naye m'mbale imodzi. Thukuta limtuluka, nabwerera m'mbuyo, nabisa manja m'matumba. Kwa Nyanje ku Sinda mai wina ali kuyamwitsa khanda lace pafupi ndi moto, ndipo m'kamphindi aona m'maganizo mwana atagwera pa makala, ngati kuti wamponya ndi iye mwini. Kwa Pembamoyo ku Vubwi mkulu wa mpingo ali pakati pa pemphero, ndipo mau otukwana Mulungu amfikira m'mutu, mau amene sanawachulepo cibadwire.

Anthu atatuwa sadziwana, koma pa cinthu cimodzi alingana: palibe amene adzauza mnzace. Cifukwa cace cidziwika. Kumudzi munthu akati, "Ndinaganiza zoponya mwana pamoto," ena adzati walodzedwa, ena adzati mfiti ndi iye mwini, ndipo mbiri yotere siicedwa kufika kwa apongozi. Lamulo limene linaikidwa m'caka ca 1914, ndipo likalipobe m'Zambia, liletsa kunenera munthu ufiti. Koma lamulo silitseka pakamwa pa anthu a pacitsime. Cotero munthu angosenza katundu wace mwakacetecete, nayesa kuti pa dziko lonse woipa mtima cotere ndi iye yekha.

Pamenepa ndipo alakwa. M'caka ca 1978 akatswiri awiri a ku London, Rachman ndi de Silva, anafunsa anthu wamba, osadwala konse, ngati amafikiridwa ndi maganizo onyansa amene sawafuna. Pafupifupi anthu 8 pa anthu 10 anabvomera. M'caka ca 2014 Adam Radomsky wa ku Montreal ndi anzace anafalitsa zimene anapeza atafunsa ophunzira 777 a m'maiko 13, ndipo limodzi la maikowo linali Sierra Leone muno m'Afrika. Pa anthu 100 ali onse, 94 anali atafikiridwa ndi ganizo lotere m'miyezi itatu yapitayo. Za amai oyamwitsa nazo zinafufuzidwa ku Canada m'caka ca 2008: amai 100 amene anafunsidwa, onse anaonapo m'maganizo ngozi ikugwera khanda, ndipo pafupifupi theka la iwo anafikiridwa ndi ganizo lakulipweteka dala.

Mutu wa munthu uli ngati mseu waukulu uja wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, wopyola pa Sinda ndi pa Katete. Mupita magalimoto a mitundu yonse usana ndi usiku, ndipo mwini nyumba ya m'mbali mwa mseu sasankha opitamo. Maganizo ambiri apita osaonedwa. Limene liimitsa mtima ndi lija logunda cinthu cimene munthu acikonda koposa. Mai aopsedwa ndi ganizo la moto cifukwa akonda mwana wace. Mkulu wa mpingo abvutika ndi mau otukwana cifukwa aopa Mulungu. Mantha amenewo ndiwo mboni yace yakuti ganizolo litsutsana ndi mtima wace. Munthu wofunadi kucita coipa sanjenjemera naco, acikonzera njira.

Mlaliki uja John Bunyan wa ku Bedford, amene analemba buku lodziwika la Pilgrim's Progress, anasimba m'buku lina la 1666 kuti kwa nthawi yaitali ganizo lakugulitsa Kristu silinamcoke, ngakhale pakudya, ndipo anali kuliyankha ndi mphamvu zace zonse kufikira atalema. Kuyankhako ndiko kunamtopetsa.

Cifukwa cace cinaoneka bwino m'caka ca 1987, pamene Daniel Wegner wa ku Amereka anayesa anthu motere. Anawauza kuti kwa mphindi zisanu asaganize za cimbalangondo coyera, ndipo cikawabwerera m'mutu alize belu. Mabelu analira kawiri kawiri. Pambuyo pace, atawalola kuciganiza momasuka, iwo aja anayamba ndi kuciletsa anaciganiza kopambana anzao amene sanaletsedwe. Pakuti munthu akati "ndisaganize cakuti," mbali yina ya mutu wace ikhala mlonda, niyang'ana ngati cinthuco cabwera. Ndipo mlonda sangadikire mbala osaikumbukira nkhope. Kuthamangitsa ganizo ndiko kuliitana.

Nanga munthu acite ciani? Akulu anati mlendo ndi mame. Ganizo likafika, munthu alizindikire, nanene mumtima, "Labweranso ganizo lija," osalifunsa kumene lacokera, osatsutsana nalo, osalipatsa mpando. Apitirize cimene manja ace anali kucita. Mantha adzakwera, inde, ndipo mphindi zoyamba ndi zowawa. Koma mantha sakhala pamwamba nthawi zonse, atsika okha. Cobvuta koposa, ndiponso cofunika koposa, ndico kusathawa. Mwamuna wa ku Mufulira akayamba kujomba kuti asaime pafupi ndi mnzace, mai wa ku Sinda akapereka khanda kwa agogo kuti iye asalikhudze, mtima upumula tsiku limenelo, koma mutu uphunzira kuti ngozi inalipodi, ndipo mawa ganizo libwera ndi mphamvu ziwiri. Comweconso kufunsa mkazi kakhumi pa tsiku kuti, "Kodi ndine munthu woipa?" Yankho lace litonthoza ola limodzi lokha. Kuuza munthu mmodzi wokhulupirika kamodzi, momveka, ndi kwabwino. Kupempha citonthozo kosalekeza ndi msampha.

Kusowa tulo ndi kutopa zicurukitsa maganizo awa, ndipo a nchito ya usiku azidziwa zimenezi. Ambiri ayesa kuwamiza m'mowa pa malipiro. Mowa ugonetsa mlonda madzulo, koma m'mawa nkhawa idzuka yoposa ya dzulo, ndi ndalama zitatha.

Kwa anthu ambiri nkhani ithera pomwepa. Koma alipo ena, mmodzi kapena awiri pa anthu 100, amene maganizo awa asanduka nthenda, imene madotolo aicha OCD. Cizindikiro cace ndi nthawi imene idya. Munthu asamba m'manja kufikira khungu litang'ambika, abwerera kasanu kukaona ngati citseko catsekedwa, ayambanso pemphero cifukwa liu limodzi silinaturuke bwino, abisa mipeni yonse ya m'nyumba. Zikadya ola lathunthu pa tsiku kapena kuposa, kapena zikaononga nchito ndi banja, imeneyo ndi nkhani ya kucipatala. Mankhwala ace alipo. M'caka ca 1966 Victor Meyer wa ku London anaonetsa kuti wodwala akathandizidwa kuyandikira cimene aciopa, pang'ono pang'ono, osacita mwambo wace uja wodzitonthoza nao, mantha afooka. Ndipo njira imeneyi ndiyo igwiritsidwa nchito kufikira lero.

Pali zina zofanana nazo zimene siziyenera kulindira. Munthu akamva mau ngati a munthu wina olankhula kunja kwa mutu wace ndi kumlamula, mai wobereka catsopano akaleka kugona masiku angapo nayamba kulankhula zosokonezeka, kapena munthu akaona kuti ganizo lakudzipha silimuopsanso koma ayamba kubvomerezana nalo, abale amtengere kucipatala tsiku lomwelo, ndipo asamsiye yekha.

Wa ku Katete ali ndi cipatala ca St Francis, cimene cinayambidwa ndi a mpingo wa Anglican m'caka ca 1948. Wa ku Sinda ali ndi ca Nyanje. Wa ku Vubwi ayambe pa cipatala cimene ali naco pafupi, ndipo iwo adzamtumiza ku Chipata ngati kufunika. Ku Lusaka kuli Chainama, cimene cinatsegulidwa m'caka ca 1962. Dzina limeneli anthu ambiri aliopa, nayesa kuti wolowako satulukanso. Koma wodwala nthenda ya maganizo obwerezabwereza kawiri kawiri aonedwa ndi dotolo nabwerera kwao tsiku lomwelo. Akapatsidwa mankhwala akumwa, monga fluoxetine, adziwe kuti sagwira msanga ngati a malungo. Pa nthenda iyi papita masabata 8 kufikira 12 kuti mphamvu yace ioneke bwino, ndipo wowataya pa sabata laciwiri, nati sathandiza, wawataya asanayambe nchito.