Mphamvu Yobisika M'chimera

Pamisika ya ku Madziabango, ku Chileka ndi ku Lirangwe m'boma la Blantyre, thobwa ndi malonda amene amayi ambiri amadalira. Onsewo amasunga lamulo limodzi limene anaphunzira kwa makolo: chimera sathira m'phala limene likuŵira pamoto, koma amayamba aphula phalalo ndi kulidikira kuti lizizireko. Wophwanya lamuloli, phala lake limakhala lolimba ndi losatsekemera, ndipo ufa, nkhuni ndi ndalama zimapita pachabe. Nkhani ya lero ikufotokoza chifukwa chake.

Mbeu ya maŵere, mapira kapena chimanga imasunga chakudya chake monga sitachi. Ikaviikidwa m'madzi ndi kuyamba kumera, imapanga zinthu zotchedwa maenzaimu, zimene ntchito yake ndi kufulumizitsa kusintha kwa chakudya. Enzaimu ya m'chimera dzina lake ndi amylase, ndipo imaduladula sitachi kuti isanduke shuga wodyetsa kambeu kongomerako. Kuyanika chimera padzuŵa ndi kuchipera sikuononga enzaimuyi. Ikaloŵa m'phala lofunda imayambanso ntchito, choncho phala limasungunuka ndi kutsekemera. Enzaimu ya mtundu womwewu ili m'malovu a munthu.

Akatswiri aŵiri a ku France, Anselme Payen ndi Jean-François Persoz, ndiwo anaipatula koyamba m'chaka cha 1833 kuchokera m'chimera cha barele. Pambuyo pake zinadziŵika kuti enzaimuyi ndi puloteni, ndipo moto umaiononga monga momwe umalimbitsira dzira, limene silibwereranso mwakale. Amylase ya m'chimera imagwira bwino pakati pa madigiri 50 ndi 70. Pozizira imachita ulesi, koma m'madzi oŵira imatheratu mphamvu.

Ana a sukulu ndi aphunzitsi ao angathe kudzionera okha zimenezi. Aviike supuni ziŵiri za ufa wa chimera m'kapu ya madzi kwa theka la ola, ndi kusefa madziwo ndi nsalu yoyera. Theka la madzi osefawo aliŵiritse kwa mphindi zisanu. Kenaka aphike phala lamadzimadzi ndi kuligaŵa mofanana m'makapu anayi. M'kapu yoyamba athire madzi wamba. M'yachiŵiri athire madzi a chimera osaŵiritsa, ndipo m'yachitatu athire oŵiritsa aja. Makapu atatuŵa akhale m'beseni la madzi ofunda. Kapu yachinayi iyambe yazizira m'madzi ozizira, kenaka ilandire madzi a chimera osaŵiritsa, ndi kukhala momwemo. Muyeso ukhale umodzi m'makapu onse, pakuti poyesa zinthu amasintha chimodzi chokha panthaŵi imodzi.

Pakapita mphindi zisanu zilizonse, atape dontho la phala m'kapu iliyonse, aliike pambale yoyera, ndi kudonthezerapo ayodini wosungunula ndi madzi. Pamene pali sitachi, ayodini amada bii ngati inki. Dontho la m'kapu yachiŵiri lidzayamba kuchepa mdima msanga, la m'kapu yachinayi lidzachedwa, koma la m'kapu yoyamba ndi yachitatu lidzakhala lakuda mpaka mapeto. Kapu yoyamba ndiyo mboni yosonyeza kuti phala silisintha lokha. Phala lokhudzana ndi ayodini litayidwe, lisalaŵidwe.

Nzeru imeneyi ili ndi phindu loposa malonda a thobwa. Mwana wosiya kuyamwa ali ndi mimba yaing'ono. Phala lolimba limamkanika kumeza, ndipo phala lochuluka madzi limamkhutitsa asanapeze chakudya chokwanira. Ku Tanzania, m'zaka za m'ma 1980, a zaumoyo analimbikitsa amayi kuthira ufa pang'ono wa chimera, umene kumeneko amautcha kimea, m'phala lolimba lofunda. Phalalo limafeŵa popanda kuonjeza madzi, ndipo supuni iliyonse imakhala ndi chakudya chambiri.

Pali machenjezo aŵiri. Timizu ndi timphukira ta mapira omera timakhala ndi poizoni, choncho tichotsedwe chimera chisanapite kuchigayo. Chachiŵiri, phala la mwana likasungunuka libwerere pamoto kuti liŵire bwino. Panthaŵi imeneyo enzaimu yatsiriza kale ntchito yake, ndipo moto umapha tizilombo timene tingadze ndi chimera.