Chikepe chikaima pakati: zimene ana a ku Tsangano ndi ku Macanga amakumana nazo m'tauni

TETE — Munthu wa ku Furancungo kapena wa ku Ntengo-wa-Mbalame atha kubadwa mpaka kumera imvi osakwerapo chikepe, chija anzathu a m'tauni amachitcha elevador, pakuti nyumba za kumeneko n'zapansi ndipo chokwera chimene anthu amachidziwa ndi mapiri. Koma tisanamizane kuti nkhani ya zikepe siikutikhudza. Ana ambiri a m'maboma a Tsangano ndi Macanga ali mu mzinda wa Tete, ku Beira ndi ku Maputo, kumene ena akugwira ntchito ya ulonda pa nyumba zosanja, ena ya m'nyumba, ndipo odwala athu akatumizidwa ku zipatala zikuluzikulu amakakumana nacho chipangizochi ali chigonere pa machira.

Chikepe chikafa, katundu amene chinali kunyamula sasowa womusenza. Amagwera pamsana pa mlonda ndi wantchito wa m'nyumba: zigubu za madzi, thumba la makala, botolo la gasi, mwinanso agogo odwala, kukwera nazo masitepe mpaka nsanjika yachisanu ndi chitatu. Chikaima ndi anthu m'kati, woyamba kuitanidwa ndi mlonda yemweyo, amene palibe anamuphunzitsapo kalikonse za makinawo.

Vutoli ndi lakale m'dziko muno. Pa 3 Febuluwale 1976 Pulezidenti Samora Machel analengeza kuti nyumba za lendi zikhala m'manja mwa boma, ndipo bungwe la APIE ndilo linapatsidwa udindo woziyang'anira. Amisiri ambiri anali atabwerera ku Portugal, lendi inali yochepa, ndalama zakunja zogulira zipangizo zinali kusowa makamaka nkhondo itakula, motero zikepe za ku Maputo ndi ku Beira zinayamba kufa chimodzichimodzi. Kuyambira mu 1991 boma linayamba kugulitsa nyumbazo kwa okhalamo. Aliyense anakhala mwini wa gawo lake, koma chikepe, denga ndi pampu ya madzi zinakhala za onse, ndiye kuti zopanda mwini weniweni. Lamulo la condomínio limati eni nyumba azisonkherana ndalama zosamalira zinthu zoterezi, komabe mkangano wake suchedwa: wokhala pansi amati iye sakwera chikepe, wokhala pamwamba amati sangalipire yekha. Mathero a kulekerera mungawaone pa Grande Hotel ya ku Beira, imene inatsekedwa mu 1963 ndipo pambuyo pake munadzalowa mabanja ambirimbiri. Zikepe zake zinazulidwa kalekale, n'kutsala mayenje okhaokha.

Mu mzinda wa Tete nkhani yake ndi ina pang'ono. Mahotela ndi maofesi ambiri osanja anamangidwa pa nthawi imene malasha a ku Moatize anayamba kukumbidwa mochuluka, cha m'ma 2011, kotero zikepe zake n'zamakono, zoyendetsedwa ndi timabolodi ta kompyuta. Adani ake ndi kutentha kumene kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, fumbi, ndi magetsi othimathima kapena obwera mwamphamvu kuposa muyezo. Chikepe chakale makaniko ankatha kuchikonza ndi sikuludiraiva ndi pulayala. Chamakono bolodi ikapsa, kulibe kuchitira mwina koma kuitanitsa ina kunja, ndipo anthu amakwera masitepe kwa masabata ngakhale miyezi akudikira.

Zitseko ndizo zimayamba

Ambiri akamva kuti chikepe chawonongeka amaganiza kuti chingwe chaduka. Zimenezo sizichitika wambawamba. Kachipinda kamene timalowamo kamalendewera pa zingwe zachitsulo zingapo, osati chimodzi, zimene zimadutsa pa gudumu la mota kumwamba, ndipo mbali inayo kumakhala chitsulo cholemera chimene chimatsika pamene kachipindako kakukwera. Buleki yake imagwira yokha magetsi akathima, chifukwa magetsi ndiwo amaitsegula, masipiringi ndiwo amaitseka. Palinso kachipangizo koyesa liwiro: chikepe chikathamanga mopyola muyezo, mano achitsulo amaluma njanji za m'mbali n'kuchiimitsa. Nzeru yolumitsa njanji imeneyi anaionetsa poyera ndi Elisha Otis ku New York mu 1854, pamene anaima pa thandala lokwezeka n'kulamula kuti chingwe chidulidwe, iye osagwa.

Chimene chimavuta kawirikawiri ndi zitseko, pakuti ndizo zimagwira ntchito kuposa china chilichonse, kutseguka ndi kutsekeka pa ulendo uliwonse. Pansi pa chitseko pali kangalande kamene chitsekocho chimayendamo. Mukalowa mchenga, kamwala, njere za chimanga kapena chitsekerero cha botolo, chitseko sichifika pa mapeto, loko wake sagwira, ndipo chikepe chimakana kunyamuka. Apatu mlonda angathandize popanda kukhudza makina: kusesa kangalandeko tsiku ndi tsiku ndi kaburashi, ndi kupukuta timaso ta m'mbali mwa chitseko timene timaona ngati munthu akudutsa. Wokolopa naye asamakankhire madzi m'mpata wa chitseko, pakuti amakathera m'dzenje la pansi mmene muli maswichi ndi mawaya. Chizolowezi chotchinga chitseko ndi phazi kapena ndi katoni podikira mnzathu chimatha malamba ndi timagudumu ta chitsekocho msanga.

Kulemetsa ndi vuto linanso, ndipo pamenepa ife a kumudzi tili ndi mlandu ndithu. M'kati mwa chikepe chilichonse muli kachitsulo kolembedwa kulemera kumene chingathe kunyamula. Pakalembedwa anthu 8 kapena makilogalamu 630, dziwani kuti munthu mmodzi amuwerengera pa makilogalamu 75. Mlendo wochokera ku Tsangano amene wabweretsera achibale matumba atatu a kachewere a makilogalamu 50 lililonse ndiye kuti walowa ndi anthu ena awiri osaoneka. Chamakono chimalira n'kukana kuyenda. Chakale chimangoyenda chonchobe, buleki ikutha, mota ikutentha.

Chizindikiro chimene sichiyenera kunyozedwa ndi pamene chikepe chayamba kuima mosalingana ndi pansi, mwina m'mwamba pang'ono, mwina m'munsi. Okalamba ndi amayi obereka ana amapunthwa pamenepo, machira a odwala amakodwa. Kawirikawiri ndi buleki imene yatha, zingwe zimene zayamba kuterereka pa gudumu, kapena kachipangizo kozindikira nsanjika kamene kasuntha. Kugwedezeka, kulira kwa zitsulo zokhulana ndi fungo la waya wopserera, zonsezi n'zoyenera kuzimitsira chikepe ndi kuitana amisiri tsiku lomwelo.

Waya wa chinyengo

Pali mchitidwe umodzi umene tiyenera kuutchula mosapsatira. Loko wa chitseko akavuta, ndipo eni nyumba akukana kulipira kampani yokonza, amaitana aliyense wodziwa za magetsi, iye n'kulumikiza kawaya kolambalala lokoyo kuti chikepe chiyende. Chimayendadi, anthu n'kumuyamikira kuti ndi katswiri wotchipa. Koma kuyambira pamenepo makinawo sadziwanso ngati chitseko chili chotseka kapena chotsegula. Chikepe chitha kunyamuka munthu ali ndi mwendo umodzi m'kati, wina kunja, kapena chitseko cha pa nsanjika chitha kutseguka chikepe chili kwina, wolowa mosayang'ana n'kugwera m'dzenje. Wokonza ma wailesi kapena wolumikiza magetsi a m'nyumba, ngakhale akhale waluso chotani pa ntchito yake, si mmisiri wa zikepe. Makampani opanga zikepe monga Otis, Schindler ndi Kone amafuna kuti ziziyenderedwa ndi amisiri ophunzira pa nthawi yoikika, ndipo m'nyumba zoyendetsedwa bwino amabwera mwezi ndi mwezi kudzathira mafuta, kuyesa buleki ndi kuona ngati zingwe zayamba kuthothoka timawaya, n'kulemba zonse m'buku.

Tsono chikaima inu muli m'kati, malo abwino kuposa ena onse ndi m'katimo. Mpweya sungathe, chifukwa kachipindako kali ndi mipata yolowera mphepo, ngakhale kuti ku Tete thukuta mulimva ndithu. Dinani batani la belu, imbani foni pa nambala imene yalembedwa pakhoma, khalani pansi ngati mwatopa, ndipo ana muwagwire dzanja. Musakanule zitseko ndi manja ndipo musayese kutulukira pa kampata pamene chikepe chaima pakati pa nsanjika ziwiri, pakuti magetsi akabwera chitha kunyamuka nthawi yomweyo, komanso m'munsi mwake muli dzenje lotseguka. Zikepe zina zamakono zili ndi mabatire amene amachifikitsa pa nsanjika yapafupi n'kutsegula chitseko magetsi akathima, koma mabatirewo nawo amafa ndi kutentha ngati palibe wowayesa.

Kwa achimwene athu amene akulondera nyumbazi, ntchito yanu pa nthawi yotere ndi kulankhula ndi otsekeredwawo kuti mtima ukhale m'malo, kuletsa anthu ofuna kukanula chitseko ndi zitsulo, ndi kuitana kampani yokonza kapena ozimitsa moto. Kiyi wotsegulira zitseko za pa nsanjika, uja wa ngodya zitatu, si wopatsa aliyense. Mmisiri akafika amayamba wazimitsa swichi yaikulu, kenaka amasuntha kachipindako pang'onopang'ono mpaka kalingane ndi pansi, ndipo pamenepo m'pamene amatsegula. Abwana akakulamulani kuti muchite zimenezi nokha musanaphunzitsidwe, apempheni mwaulemu nambala ya kampani, ndipo muilembe pakhoma la pamalo anu olonderapo lero lomwe, chikepe chikadali bwino.