Mwala wa Maina Atatu

Pa 24 July 1969 amuna atatu a ku America, Neil Armstrong, Edwin Aldrin ndi Michael Collins, anabwerera ku dziko lino kucokera ku mwezi. M'combo cao, Apollo 11, munali miyala ndi pfumbi zolemera mapaundi 47, zimene Armstrong ndi Aldrin anatola pa cigwa cochedwa Sea of Tranquility. Collins sanaponde pa mwezi ai. Iye anatsala m'combo cacikuru, nazungulira mwezi kudikira anzace.

Miyalayo inagawidwa kwa akatswiri a maiko ambiri. Munthu akatola mwala amayesa kuti ndi cinthu cimodzi, koma akaupala bwino ndi kuuyang'ana pa galasi lokulitsa zinthu, amaona kuti ndi timibulu tamitundumitundu togwirana. Mtundu uli wonse uli ndi dzina lace, ndipo yambiri ya m'miyala ya ku mwezi inali yodziwika kale pansi pano. Koma magulu angapo a akatswiri, gulu liri lonse pa lokha, anapeza timibulu totuwa, tocepa koposa njere ya mcenga, timene sitinalembedwe m'buku liri lonse. M'caka ca 1970 anagwirizana kulengeza mtundu watsopanowo, naucha armalcolite, potenga ciyambi ca dzina la mwamuna ali yense: Arm, Al ndi Col. Cotero Collins, amene sanatole ngakhale mwala umodzi, sanaiwalike.

Kodi mwalawu unapangidwa ndi ciani? Zinthu zonse zimamangidwa ndi tizidutswa tosaoneka tochedwa maatomu. Mu armalcolite, pa maatomu 8 ali onse, 5 ndi a okosijeni, ndiye mpweya umene anthu amapuma. 2 ndi a citsulo copepuka cochedwa titanium. Ndipo limodzi lotsalalo ndi la citsulo wamba ca makasu, kapena la magnesium. Mwala wopangidwa ndi zitsulo ndi okosijeni motere akatswiri amaucha oxide.

Koma kudziwa zipangizo sikudziwa nyumba. Pounika ndi X-ray akatswiri anaona kuti maatomu a okosijeni ali ngati zipupa za tizipinda, ndipo m'kacipinda kali konse mumakhala atomu limodzi la citsulo: okosijeni anai m'mbali mwace, limodzi pamwamba, lina pansi. Tizipindato tiri ta mitundu iwiri, ndipo pa kacipinda kotakasuka kamodzi pali topanikiza tiwiri. Titanium, pokhala wamng'ono, amayenera topanikizato. Citsulo wamba ndi magnesium zimayenera kotakasukako.

Apa ndipo pali codabwitsa. Pakatentha kwambiri maatomuwo sasunga malo ao. Amasinthana tizipinda, wina kulowa kwa mnzace, ndipo kusakanizika kumeneko ndiko kumene kumaimiritsa nyumbayo. Mwala wina ukatentha umaonongeka, koma uwu umakhazikika pa moto wopitirira madigiri 1,000 a Centigrade. Ukazizira pang'onopang'ono, maatomu amapeza nthawi ya kusamuka, nyumba nipasuka, ndipo pamatsala miyala iwiri yodziwika, ilmenite ndi rutile. Ilmenite si mlendo kwa anthu a m'mbali mwa Nyanja ya Malawi: alimo mu mcenga wakuda wa ku Salima ndi ku Makanjira. Koma ukazizira msanga, maatomu amagwidwa pomwe ali, monga umo wosula amaumitsira nkhwangwa yofiira poibviika m'madzi. Timibulu tambiri ta ku mwezi tiri ndi cikopa ca ilmenite kunja ndi armalcolite m'kati, kusonyeza kuti kusanduka kunayamba koma nthawi inacepa.

Mamangidwe a tizipinda amenewa sanali acilendo. M'caka ca 1878, ku dziko limene lero ndi Romania, kunapezeka mwala wochedwa pseudobrookite, womangidwa cimodzimodzi. Kusiyana kwace kuli pa citsulo. Ca mu pseudobrookite ciri ngati ca m'dzimbiri kapena ca m'dothi la katondo, cimene okosijeni anacilowerera kotheratu. Ca mu armalcolite sicinafike pamenepo, popeza ku mwezi kulibe mpweya kapena mvula ya kucititsa dzimbiri. M'miyala yomweyo akatswiri anapezamonso tizidutswa ta citsulo ceniceni, tonyezimira, tosadyeka konse.

Cifukwa cace kambulu kakang'onoka kanakhala mboni ya zimene palibe munthu anaziona. Miyala ya pa cigwa cija inali ciphalaphala cotentha cimene cinatuluka m'kati mwa mwezi zaka zoposa 3,500 miliyoni zapitazo. Armalcolite akupezekamo cifukwa ciphalaphalaco cinali couma, cosowa okosijeni, ndi codzala titanium, amene oxide yace m'miyala ina ifika gawo limodzi mwa magawo 10. Akupezekamonso cifukwa cinazizira msanga pamtunda, pakuti pansi penipeni, pamene miyala ya pamwamba imapsinja kwambiri, nyumba yotereyi siikhala.

Poyamba ambiri anayesa kuti mwalawu ndi wa ku mwezi kokha. Sizinatero. Akatswiri atadziwa cimene afunafuna, anaupeza pansi pano, ku Smoky Butte m'dera la Montana ku America, ndi m'migodi ya daimondi ya ku South Africa, monga Jagersfontein ndi Dutoitspan wa ku Kimberley. Unalipo kale lomwe, koma ndi wosowa, ndipo kwa munthu woyang'ana mofulumira umaoneka ngati ilmenite. Mitundu ina iwiri yatsopano inacokera m'katundu yemweyo wa Apollo 11, ndiyo pyroxferroite ndi tranquillityite. Wotsirizayo anakhala zaka zoposa 40 osapezeka pa dziko lino, kufikira caka ca 2011, pamene anaoneka m'miyala ya ku Western Australia.