Phiri la Chikala: asilikali ndi anthu a m'midzi agawane bwanji?

Kukacha m'midzi ya m'munsi mwa mapiri a Chikala m'boma la Machinga, amayi amakwera kukatola nkhuni, anyamata amatsogoza mbuzi, ndipo m'dzinja ana amakazula bowa. Koma pali masiku ena pamene m'phirimo mumamveka kulira kwa mfuti. Pamenepo ndiye kuti asilikali a Malawi Defence Force ali pamaphunziro.

Ku Chikala n'kumene magulu a asilikali akhala akusulidwira asadanyamuke kukasungitsa mtendere ku Democratic Republic of Congo. Mu 2013 Malawi, Tanzania ndi South Africa adapereka asilikali ku gulu lapadera la United Nations lolimbana ndi zigawenga kum'mawa kwa dzikolo. Ntchitoyo si yamasewera: mu November 2018 asilikali 6 a dziko lino adaphedwa m'dera la Beni. Msilikali amene akupita kunkhalango zoterozo ayenera kuyamba wazolowera tchire ndi zitunda kuno kumudzi.

Mfuti si zachilendo paphirili. Apa ndi pomwe padali linga la mfumu Kawinga ya Ayao mpaka mu 1895 pamene asilikali a atsamunda a ku Britain adalilanda. Chimene chasintha ndi kuchuluka kwa anthu. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'boma la Machinga mudali anthu oposa 735,000. Kuchokera ku Liwonde, kudzera pa Ntaja mpaka pa Nselema, banja lililonse likudziwa kuti munda umene udadyetsa agogo lero ukugawidwa kwa zidzukulu zambiri. Malo akachepa, khasu limakwera phiri, nkhwangwa ya wootcha makala ili patsogolo.

Apa ndiye pagona nkhani. Msilikali akufuna malo opanda munthu oti aombererepo. Mlimi akufuna dimba ndi msipu. A zankhalango akufuna mitengo isadulidwe, chifukwa mitsinje yochokera m'mapiriwa imathira m'nyanja ya Chilwa, yomwe idaphwa mu 1995 ndi kuphwanso kwambiri mu 2018. Onsewa ali ndi mfundo zomveka, koma phiri ndi limodzi.

Malamulo a malo amene Nyumba ya Malamulo idavomereza mu 2016, n'kuwakonzanso mu 2022, akupereka poyambira. Lamulo la malo a makolo lidakhazikitsa makomiti a malo m'dera la gulupu aliyense. Gulupuyo ndiye wapampando, ndipo mwa anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Komanso boma likafuna kutenga malo a munthu pa ntchito yokomera dziko, liyenera kupereka chipukuta misozi.

Mudzi umene wayandikana ndi malo a asilikali ungapindule kwambiri makomitiwa atakhala pansi ndi akuluakulu a asilikali, khonsolo ya boma ndi a zankhalango n'kujambula mapu amodzi. Mapuwo aonetse pothera minda, podutsa ziweto popita kumadzi, pamene pali manda a makolo, ndi mbali imene zipolopolo zimalowera. Malire akhale ndi zizindikiro zoti ngakhale wosadziwa kuwerenga aziona. Masiku oombera azilengezedwa msanga kudzera kwa mafumu, m'mizikiti, m'matchalitchi ndi m'masukulu.

Ana ndiwo ofunika kuwatsina khutu koposa. Si chipolopolo kapena bomba lililonse limene limaphulika likagwa, ndipo lotsala m'tchire likhoza kuphulika patapita zaka. Mwana amene wapeza chitsulo chachilendo asachigwire, asachigende, asachitengere kwa ogula zitsulo zakale. Auze akuluakulu, iwo adziwitse mfumu kapena apolisi.

Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka. Mwala wa malire woikidwa lero, mafumu ndi asilikali onse akuona, ndi wotchipa kusiyana ndi mlandu wa munda kapena maliro a mwana amene amangofuna bowa wa ndiwo.