Kalata ya Abusa Chilembwe Imene Boma Linaibisa

Dziko la Mfumu Mpama lili m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu, pakati pa malo awiri amene mwana aliyense wa sukulu amawadziwa ndi dzina: kumpoto kuli Magomero, kummwera kuli Mbombwe. Chaka ndi chaka, pa 15 Januwale, anthu a dziko lino amapumula pa ntchito kukumbukira Abusa John Chilembwe, ndipo nkhani imene imakambidwa koposa ndiyo ya mikondo ya usiku wa pa 23 Januwale 1915. Komatu usikuwo usanafike panali patapita zaka 15 zimene munthu ameneyu analankhulira anthu ake ndi pakamwa ndi cholembera, wosagwira chida. Zaka zimenezo ndizo aphunzitsi ambiri amazidumpha msanga m'kalasi.

Abusa Chilembwe anabadwira m'boma lomweli la Chiradzulu. M'chaka cha 1892 analowa ntchito ya m'nyumba kwa mmishonale Joseph Booth, amene mu 1897 anapita nawo ku America. Kumeneko anaphunzira za ubusa ku Lynchburg, m'dera la Virginia, ndipo pobwera mu 1900 anakhazikitsa Providence Industrial Mission pa Mbombwe, mothandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention. Chiphunzitso chawo chinali chakuti munthu wakuda aphunzire, agwire ntchito, avale bwino, asiye mowa, ndipo adzilemekeze yekha. Masiku amenewo lemba lotere silinali laling'ono ayi, pakuti munthu wa kuno akakumana ndi Mzungu pa njira anayenera kuvula chipewa.

Tsono chimene chinawasandutsa mneneri wa anthu osauka ndicho thangata. Minda ya A. L. Bruce Estates ku Magomero inali yaikulu ndithu, ndipo ambiri okhalamo anali Alomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Iwowa analibe mfumu yowateteza, ngakhale dziko lobwererako. Pokhala pa munda wa Mzungu anayenera kulipira ndi thukuta lawo: mwezi umodzi wa malo, wina wa msonkho wa nyumba. Koma mwezi wa pa esiteti sunali kutha monga umathera wa kumwamba, chifukwa tsiku limene munthu sanatsirize ndime yake silinali kuwerengedwa. Ntchitoyo inali kugwa nyengo ya dzinja, pamene munthu afunika m'munda mwake, kotero kuti thonje la bwana linali kupaliridwa chimanga cha mwini khasu chili m'thengo. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, sanalole tchalitchi kapena sukulu ya Abusa Chilembwe pa malowo, ndipo zimene anthu anamanga ndi udzu zinatenthedwa. Anthu amenewa ndiwo anali kupita ku Mbombwe ndi madandaulo awo.

Nkhondo yaikulu ya Azungu itabuka mu 1914, asilikali akuda anafa ku Karonga m'mwezi wa Sepitembala pomenyana ndi Ajeremani. Mu Novembala Abusa Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. M'kalatamo anakumbutsa Boma kuti anthu a kuno anakhetsapo kale mwazi m'nkhondo zina za Mfumu ya ku England, koma mtendere utabwera sanapatsidwe kanthu. Anafunsa chifukwa chake munthu wosauka, wopanda gawo m'dziko lake lomwe, atumizidwe kukafa pa mlandu wosaudziwa, kusiya mkazi wamasiye ndi ana amene adzafunsidwabe msonkho. Anati ngati nkhondoyo ili yofunika, apiteko eni chuma ndi eni minda. Kalatayo inali yaulemu, yolembedwa ndi munthu woyembekeza kuyankhidwa. Yankho lake linali lakuti woyang'anira nkhani za nthawi ya nkhondo anaichotsa m'nyuzipepala, ndipo Bwanamkubwa anayamba kukonza zothamangitsira wolembayo kunja kwa dziko.

Funso la m'kalatayi silinali la Nyasaland yokha. Kutali ku Asia, m'mapiri a dziko limene lero likutchedwa Kyrgyzstan, Mfumu Nicholas II ya ku Russia inalamula mu 1916 kuti amuna a kumeneko atengedwe kukagwira ntchito za nkhondo yomweyo, monga anali kuchitira amtengatenga a kuno. Nawonso minda yawo yabwino inali italandidwa ndi atsamunda. Anaukira, anagonjetsedwa, ndipo ambiri anafera m'chisanu pothawira ku China. M'dziko lomwelo, patapita zaka pafupifupi 100, munali Azimjan Askarov, amene ntchito yake inali kulemba nkhanza za apolisi ku Bazar-Korgon. Anamangidwa mu 2010 pa nthawi ya chipolowe cha mitundu, naweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse pa mlandu wa imfa ya wapolisi, umene iye anaukana. Mu 2016 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inapeza kuti anazunzidwa ndipo inati amasulidwe, koma anafera m'ndende pa 25 Julaye 2020. Iyeyu sanasiye cholembera mpaka imfa. Abusa Chilembwe anachisiya.

Sikuyenera kubisa zimene zinatsatira. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu a ku Mbombwe anapha Livingstone ndi Azungu ena awiri a pa esitetiyo, ndipo mutu wa Livingstone unadulidwa. Akazi ndi ana a Azungu sanawapweteke, monga analamulira Abusawo. Ulendo wokalanda mfuti ku Mandala mu Blantyre sunapindule kwenikweni. Pa 3 Febuluwale Abusa Chilembwe anaomberedwa cha ku Mulanje akulunjika ku Mozambique. Otsatira awo ambiri ananyongedwa kapena kumangidwa, ndipo tchalitchi chachikulu cha njerwa pa Mbombwe chinagwetsedwa ndi asilikali.

Chodabwitsa nchakuti bungwe lofufuza limene Boma linakhazikitsa, m'lipoti lake la 1916, linavomera kuti pa minda ya Bruce anthu anali kusungidwa mwankhanza. Ndiko kuti madandaulo a ku Mbombwe anali oona kuyambira pachiyambi, ndipo anangosowa kalaliki kapena bwana wowalandira nthawi ikadalipo. Ngakhale zinatero, bungwelo linataya mawu ambiri kudzudzula maphunziro a m'mishoni. Mishoni ya pa Mbombwe inakhala yotseka kufikira 1926, pamene Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso, ndipo thangata linapitirira m'minda ya ku Chiradzulu mpaka linathetsedwa ndi lamulo mu 1962.