Ndalama zimene anasaina mfuti ili pamsana

Ana inu, tengani ndalama yapepala muiyang'anitsitse. Mupezapo siginecha ya Gavanala wa Reserve Bank. Limenelo ndi lonjezo lakuti chimene mwagwiracho si pepala wamba. Nanga munthu akasaina mfuti ili pamsana, lonjezo lake liwerengedwe?

Funso limeneli linaimika mitu akuluakulu a ku Hong Kong, mzinda umene kale unali m'manja mwa Angerezi. Kumeneko ndalama zapepala zinkatulutsidwa ndi mabanki, makamaka imene lero timaitcha HSBC. Banki isanatulutse ndalama zatsopano, inkayamba yapereka mapaundi ku thumba la boma lotchedwa Exchange Fund, kuti akhale chikole.

Pa Khirisimasi ya 1941 asilikali a Japan analanda mzindawo. M'banki muja anapezamo milumilu ya ndalama zosindikizasindikiza, zongotsala kusaina. Anagwira mabwana a banki n'kuwatsekera m'kahotela kauve, ndipo kukacha ankawandondozetsa pamzere kupita ku ofesi kukagwira ntchito mokakamizidwa, kuphatikizapo kusaina ndalamazo. Mkulu wawo, Vandeleur Grayburn, anafera m'ndende mu 1943. Ndalama zosainidwa moteremu zinakwana madola a ku Hong Kong pafupifupi 120 miliyoni, zopanda chikole ngakhale khobidi limodzi. Ajapani anakagula nazo katundu mpaka ku Macau.

Nkhondo itatha mu 1945, mlandu unabuka. Alipire ndani? Banki inali ndi pozembera, poti antchito ake anachita kukakamizidwa. Boma nalonso silinalandire chikole chilichonse. Koma ndalamazo zinali zitalowa kale m'matumba mwa anthu, ndipo kuzikana kukanachititsa kuti aliyense ayambe kukayikira dola ya mumzindawo. Apa m'pamene panali nkhani, chifukwa ndalama imene anthu akuikayikira yafa kale.

Mu Epulo 1946 banki ndi boma anagwirizana zogawana mtolowo. Boma linalengeza kuti ndalamazo n'zovomerezeka. Banki inaponya mapaundi 1 miliyoni m'thumba lija, ndipo dzenje lotsala linakwiriridwa pang'onopang'ono ndi chiwongoladzanja cha thumbalo kwa zaka zingapo.

Amene anadyerera ndi ochenjera ena amene anagula ndalamazo motchipa pamene anzawo ankaziopa. Koma amene anasunga ndalama za asilikali a Japan zotchedwa ma yen analira: Angerezi atabwerera mu 1945 anawathetsa, ndipo eni ake sanabwezeredwe kalikonse.